Chiikireni makamera pa shopu bandulo ikutha msanga: kodi alipo amene akulowa pa netiweki yanga?

NaBanda_Lizulu
Ndikupatsani moni nonse a pa gulu lino. Ndili ndi shopu ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a kudimba pafupi ndi msika wa Lizulu. Chifukwa cha katundu amene ankasowa mosadziwika bwino, ndinaitana mmisiri kuti andiikire makamera anayi, DVR (kabokosi kosungira zithunzi za makamera) ndi rauta yolowa SIM khadi, n'cholinga choti ndiziona za pa shopu kudzera pa foni ngakhale ndili ku Lilongwe kokaoda katundu. Pa rauta yomweyo ndinalumikizanso kabokosi ka TV kamene ana amaonera, pakuti nyumba ili kuseri kwa shopu. Vuto langa lili pawiri. Loyamba, bandulo imene ndinkayembekeza kuti izifika kumapeto kwa mwezi ikumatha sabata isanathe. Lachiwiri ndi limene likundisowetsa tulo: kamera ya mkati, yotembenuka ija, ndimaisiya italoza ku khomo, koma m'mawa wina ndinaipeza italoza pa kauntala pamene ndimawerengera ndalama. Mtsikana wogulitsa akukanitsitsa kuti sanaikhudze, ndipo ili m'mwamba mofunika makwerero. Kodi n'zotheka kuti wina akuona za m'shopu mwanga ali kutali? Ngati n'zotheka, ndiyambire pati?

Kachewere_wa_Tsangano
Mayi, musanafike kwa mbava za pa intaneti, yang'anani kaye anyamata amene amakhala pa khonde lanu madzulo atazyolikira pa mafoni. Bandulo yanu ikuthera pa TikTok.

Zamawaya_Dedza
A NaBanda, mafunso anu awiriwa tiwasiyanitse, chifukwa mwina gwero lake si limodzi. Za bandulo tiyambe ndi masamu. Kamera imodzi ikamatumiza zithunzi pa liwiro la 1 Mbps imadya pafupifupi 450 MB pa ola. Mukatsegula makamera onse anayi kwa maola awiri, ndiye kuti 3.6 GB yachoka pa SIM ya m'rauta, ndipo ngati muli kutali foni yanu nayonso yadya yofanana nayo. Mukamaonera zithunzi zowala kwambiri, zimene pa app amalemba kuti HD, chiwerengerochi chimatha kuwirikiza kawiri ngakhale kanayi. Kabokosi ka TV nakonso n'kosusuka. Choncho kutha msanga kwa bandulo pakokha sikukutanthauza kuti wina wakuthyolerani. Mundiyankhe izi: pasiwedi ya Wi-Fi ndi yomwe inalembedwa kunsi kwa rauta, kapena munasintha? Pasiwedi ya DVR anaika ndani? Nanga akaunti ya app imene mumaonera makamera inalembetsedwa pa imelo ya yani?

NaBanda_Lizulu
Zikomo bambo. Ya Wi-Fi ndi yomwe ili pa kapepala kunsi kwa rauta, ndipo ndinauza mtsikana wogulitsa ndi mwana wa achemwali anga basi. Za DVR ndi za app anakonza zonse ndi mmisiri. Anatenga foni yanga, n'kudinadina, n'kundibwezera zithunzi zikuoneka kale. Imelo imene ili pa app si yanga. Makamerawo sindiwaonera nthawi yaitali, kwenikweni ndi nthawi yotsegula ndi yotseka shopu.

Mphunzitsi_Nsipe
Anthu awiri amene munawauzawo ndi okwana kufalitsa pasiwedi msika wonse, ngakhale asaitchule pakamwa. Kuyambira pa Android 10, imene inatuluka mu 2019, foni yolumikizidwa kale pa Wi-Fi imatha kuonetsa QR code, ndipo mnzake akangoijambula walowa. Kusukulu kwathu tinkadabwa kuti ana a Fomu 4 akupeza bwanji Wi-Fi ya mu ofesi, mpaka tinazindikira kuti wina anabwereka foni ya mphunzitsi kuti aimbire makolo ake, ndipo mphindi imodzi inam'kwanira. Pamenepa a Kachewere ali ndi mfundo.

Agogo_Chimbiya
Ine chimene sindikumvetsa n'chakuti munthu wa ku Ulaya kapena ku China angatayirenji nthawi yake pa shopu ya feteleza ya ku Lizulu. Mbava zoterozo zimafuna mabanki ndi maboma. Tisaopsezane ndi zinthu za m'mafilimu.

NaJere_wa_Makompyuta
Agogo, palibe munthu amene amakhala pansi n'kusankha Lizulu. Amene amasaka ndi pulogalamu, ndipo imayesa adiresi iliyonse ya pa intaneti usana ndi usiku mosasamala kuti chipangizocho chili ku London kapena ku Bembeke. Chitsanzo chodziwika ndi Mirai ya mu 2016. Pulogalamuyo inali ndi mndandanda wa mayina ndi mapasiwedi pafupifupi 60 amene opanga zipangizo amaika ku fakitale, monga admin ndi admin, kapena root ndi 12345, ndipo inkawayesa pa makamera, ma DVR ndi marauta. Zipangizo zimene zinatseguka zinali mazana a zikwi. Eni ake sankadziwa kanthu, chifukwa kamera inkapitiriza kujambula monga mwa masiku onse. Pa 21 October 2016 zipangizozo zinalamulidwa kutumiza mauthenga ochuluka nthawi imodzi ku kampani ya Dyn, imene inkathandiza makompyuta kupeza masamba a pa intaneti, ndipo Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu anasiya kutseguka kwa anthu ambiri ku America.

Kuti musaone ngati ndi za kutali zokhazokha, chaka chomwecho mtundu wina wa Mirai unagwiritsidwa ntchito pofoola kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia, ndipo intaneti inasokonekera kwambiri m'dzikomo. Amene anachita zimenezo, Daniel Kaye wa ku Britain, anagamulidwa mu January 2019 kukhala m'ndende miyezi 32. Anthu oterewa feteleza wa a NaBanda alibe naye ntchito. Chimene amafuna ndi chipangizo choyaka tsiku lonse ndi bandulo imene wina akulipira.

Zamawaya_Dedza
Achemwali a NaJere, mbiri mwafotokozayo ndi yoona, koma pa nkhani ya a NaBanda ndikukayika ngati ikugwirapo. Mirai inkalowa pa zipangizo zimene zili ndi adiresi yakeyake yoonekera pa intaneti, kudzera pa khomo la Telnet, nambala 23, lolamulirira chipangizo uli kutali. Rauta yolowa SIM kawirikawiri siikhala ndi adiresi yotero. Makampani a mafoni amagawira makasitomala ambirimbiri adiresi imodzi mwa njira imene timaitcha CGNAT, ndipo wochokera kunja sangagogode mwachindunji pa DVR ya munthu mmodzi. Amene ayenera kuda nkhawa ndi zimenezi ndi maofesi ndi maloji amene anagula adiresi yokhazikika n'kutsegula makomo pa rauta kuti aziona makamera ali kutali. Ine ndikuona kuti wakuba wa pano ali pafupi, osati kutsidya kwa nyanja.

NaJere_wa_Makompyuta
Achimwene, za CGNAT ndikuvomera, koma dzifunseni kuti nanga a NaBanda amaona bwanji makamera ali ku Lilongwe ngati wakunja sangagogode. Yankho ndi lakuti DVR ndi imene imatuluka yokha kukadzilembetsa ku seva ya kampani imene inaipanga, ndipo foni imakakumana nayo kumeneko pogwiritsa ntchito nambala ya chipangizocho. Njira imeneyi CGNAT siitchinga. Aliyense amene ali ndi nambalayo pamodzi ndi pasiwedi, kapena amene ali ndi akaunti ya app, amaona zonse ndipo amatha kutembenuza kamera. Mu 2019 wofufuza wina, Paul Marrapese, anaonetsa kuti zipangizo zoposa 2 miliyoni zogwiritsa ntchito njira ina yotere, yotchedwa iLnkP2P, zinali ndi manambala osavuta kulosera, moti munthu ankatha kuzipeza n'kumaonera za eni. Koma pa mfundo yanu yomaliza tikugwirizana: munthu woyamba amene ali ndi zonse zofunika kuti atembenuze kamera ija ndi mwini imelo imene ili pa app.

Sola_Golomoti
Musanamangitse munthu, kumbukirani kuti makamera otembenuka ambiri magetsi akazima n'kuyakanso amazungulira okha kumanja, kumanzere, m'mwamba ndi pansi podziyesa, kenako amaima pa malo amene anasungidwa poyamba. Ngati mmisiri poyesa kamera anasunga malo a pa kauntala, izibwerera pomwepo nthawi iliyonse magetsi akazima usiku. Mayi, lozetsani kamera ku khomo, muzimitse pa soketi, muyatsenso, muone kumene iime.

Mmisiri_wa_CCTV_Ntcheu
Ndikuona kuti mlandu wayamba kugwera amisiri, ndiye ndilankhulepo ngakhale si ine ndinagwira ntchito ya ku Lizuluyo. Ambiri mwa makasitomala athu alibe imelo imene amakumbukira pasiwedi yake. Ukamuuza munthu kuti asankhe pasiwedi, amasankha chaka chimene anabadwa kapena nambala ya foni imene yalembedwa pa chikwangwani cha shopu. Ukam'patsa yovuta, pakatha mwezi wasintha foni, waiwala zonse, ndipo akukuimbira usiku kuti ubwere ku Kasinje ukakonze mwaulere. N'chifukwa chake ambiri a ife timalembetsa pa imelo yathu, kuti munthu akaiwala tim'thandize tili pomwe tili. Si kuti timafuna kuonera anthu akuwerenga ndalama. Tikanakhala ndi nthawi yotero bwenzi tikudya chiyani?

NaJere_wa_Makompyuta
Bambo, kukhulupirika kwanu sindikukutsutsa, ndipo vuto la kuiwala mapasiwedi ndi lenileni. Koma taganizirani tsiku limene foni yanu idzabedwe m'minibasi pakati pa Ntcheu ndi Balaka, kapena limene wina adzalowe mu imelo yanu. Wakubayo adzakhala ndi makamera a shopu iliyonse ndi nyumba iliyonse imene munagwirako ntchito, ndipo adzadziwa nthawi imene eni ake amatseka ndi pamene amasunga ndalama. Zoterezi zinagwerapo ngakhale makampani akuluakulu. Mu 2013 mbava zinalowa m'makompyuta a masitolo a Target ku America pogwiritsa ntchito chilolezo cha kampani yaing'ono imene inkawakonzera makina oziziritsira mpweya, ndipo zinaba manambala a makhadi a kubanki okwana pafupifupi 40 miliyoni. Kampani yaing'onoyo sinali ya akuba, inangoberedwa chilolezo. Njira yabwino ndi yakuti akaunti ikhale ya mwini shopu, pasiwedi ailembe m'kope limene amasunga kunyumba, ndipo inu mukafunika akupatseni chilolezo chogawana, chimene ma app ambiri a makamera ali nacho, n'kuchichotsa ntchito ikatha.

Mmisiri_wa_CCTV_Ntcheu
Pa pepala zimenezo zikumveka bwino. Mudzayesere kufotokozera munthu pa foni mmene angakupatsireni chilolezo chogawana iye ali pakati pa makasitomala tsiku la msika, mudzandiuze.

Mphunzitsi_Nsipe
Kufotokozako ndi mbali ya ntchito imene munalipidwa, bambo. Muziwonjezera pa mtengo ola limodzi lophunzitsa mwini wake, osati kusunga akaunti za anthu m'thumba mwanu.

Sola_Golomoti
Popeza tatchula za magetsi, ndiwonjezere kuti wakuba wochenjera safunika kudziwa za makompyuta. Amangodikira kuti magetsi azime, kapena amanyamula DVR yeniyeniyo pamodzi ndi katundu, umboni wonse n'kupita naye. DVR izikhala m'bokosi lokhoma pamalo osaonekera, osati pansi pa kauntala, ndipo iyo ndi rauta zizikhala ndi batire. Batire ya 12V ya sola imayendetsa marauta ndi ma DVR ambiri, bola amene akulumikiza ayang'ane kaye zimene zalembedwa pa chaja yake.

Kachewere_wa_Tsangano
Kwathu kuno amene akutisautsa si a makamera ayi, koma aja otumiza uthenga wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Nyengo yogulitsa mbatata amachita ngati akununkhiza. Mnansi wanga anaimbiridwa ndi munthu wodzitcha wa ku kampani ya mafoni, nati akufuna kum'konzera akaunti, ndipo anam'tchulira PIN ndi pakamwa pake.

Agogo_Chimbiya
Zimenezo ndiye ndikuzidziwa. Mdzukulu wanga anandiikira PIN ya manambala 6 pa WhatsApp ataona kuti anthu a kumpingo kwathu akulandidwa maakaunti, akubawo n'kumapempha ndalama za maliro m'dzina lawo.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za akathyali a pa foni zili ndi ulusi wake umene tinatsegula kale, ndipo a Kachewere mukhoza kukapitiriza kumeneko. Pano a NaBanda anafunsa kuti ayambire pati, ndipo sanayankhidwe mokwanira.

Zamawaya_Dedza
Mayi, yambirani pa rauta. Foni yanu ili pa Wi-Fi ya pa shopu, tsegulani Chrome n'kulemba adiresi imene ili pa kapepala kunsi kwa rauta, imene kawirikawiri imakhala 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Anthu ambiri sadziwa kuti rauta ili ndi mapasiwedi awiri: ya Wi-Fi, ndi ina yolowera m'kati mwa rauta momwemo, imene pa marauta ambiri imabwera ili admin. Yachiwiriyi ndi imene muyambe kusintha, chifukwa amene akuidziwa akhoza kuwerenga pasiwedi ya Wi-Fi iliyonse imene mungaike. Mukalowa, pezani tsamba loonetsa zipangizo zolumikizidwa, muziwerenge, muone ngati zonse mukuzidziwa. Marauta ambiri amaonetsanso kuchuluka kwa data imene yadutsa.

Kenako sinthani pasiwedi ya Wi-Fi. Ikhale yaitali, ya mawu anayi kapena asanu osagwirizana, osati dzina la shopu kapena la mwana. Pa mtundu wa chitetezo sankhani WPA2, kapena WPA3 ngati ilipo ndipo zipangizo zanu zikuilola; mukaona WEP musaisankhe, inathyoledwa kalekale. Muzimitse WPS, njira yolumikizira pa Wi-Fi ndi batani kapena PIN, chifukwa mu 2011 zinadziwika kuti PIN yake ya manambala 8 imayesedwa m'zigawo ziwiri, moti kuyesa pafupifupi 11,000 kumakwana kuipeza, ndipo pa marauta akale pulogalamu imachita zimenezo m'maola ochepa. Muzimitsenso UPnP, imene imalola chipangizo kudzitsegulira chokha khomo pa rauta popanda kukufunsani. Ngati pali batani lofufuzira pulogalamu yatsopano ya rauta, lidineni magetsi ali bwino, ndipo musazimitse mpaka itamaliza.

Za DVR musachite nokha. Muitane mmisiri, achotse chipangizocho pa akaunti yake inu mukuona, mutsegule akaunti yanu pa imelo yanu, ndipo pasiwedi yatsopano mulembe ndi zala zanu iye atayang'ana kumbali. Kungosintha pasiwedi ya DVR koma chipangizocho chikadali pa akaunti yake n'kosakwanira. Muyang'anenso mndandanda wa ogwiritsa ntchito m'kati mwa DVR, pakuti nthawi zina mumakhala dzina lachiwiri limene inu simukulidziwa.

Wa_Loji_pa_M1
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete chifukwa nkhaniyi ikundikhudza. Pa loji yathu pafupi ndi Dedza boma, Wi-Fi imene timapatsa alendo ndi yomweyo imene pali makamera, kompyuta ya maakaunti ndi printa. Pasiwedi yake inalembedwa pa khoma la pa resepishoni. Kodi mlendo wogona usiku umodzi angathe kufika pa kompyuta ya maakaunti?

NaJere_wa_Makompyuta
Angathe kuiona pa netiweki, ndipo ngati ili ndi mafoda ogawana opanda pasiwedi kapena Windows yake ndi yakale, angathenso kulowamo. DVR ndiye angaipeze ndi app yaulere yofufuzira zipangizo, n'kuyamba kuyesa mapasiwedi ali gone m'chipinda chake. Marauta ambiri ali ndi netiweki ya alendo, imene imakhala ndi dzina ndi pasiwedi yakeyake, ndipo amene ali pa iyo amafika pa intaneti pokha osaona zipangizo za mwini nyumba. Yatsani imeneyo, muonetsetse kuti posankha pamene pamalola alendo kufika pa netiweki ya m'kati n'pozimitsa, ndipo ya pa khoma ikhale imeneyo. Za Windows musazichepetse. Pulogalamu yoipa ya WannaCry, imene inatseka makompyuta a zipatala za ku Britain mu May 2017, inadutsira pa chiboo chimene Microsoft inali itatseka kale mu March chaka chomwecho. Amene anakhudzidwa ndi amene sanaikemo zokonza zotseka chiboocho. Ndipo kuyambira pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kupereka mwa nthawi zonse zokonza za chitetezo za Windows 10, imene idakali m'maofesi ambiri kuno.

Kalaliki_wa_ku_Boma
Ndiwonjezere mbali ya malamulo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta kapena pa netiweki ya munthu popanda chilolezo, ndipo ndi lomwelo linakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT pansi pa MACRA yoona za ziwembu za pa intaneti. Choncho a NaBanda mukapeza umboni wakuti wina amaonera makamera anu mobisa, imeneyo ndi nkhani ya ku polisi, ndipo musafufute kalikonse musanajambule zimene mwapezazo. Koma lamulo limaluma mbali zonse. Kuyambira mu 2024 tili ndi Data Protection Act, ndipo zithunzi za anthu zimene makamera anu amasunga ndi uthenga wokhudza anthuwo. A ku loji, kamera ikhale pa geti, pa resepishoni ndi poimika magalimoto, osati moloza m'zipinda kapena ku mabafa, ndipo muike chikwangwani chodziwitsa anthu kuti pamalopo pali makamera.

Mphunzitsi_Nsipe
Chimene chimandiwawa n'chakuti katundu yense wasenzetsedwa wogula. Ku Britain kuyambira pa 29 April 2024 n'koletsedwa kugulitsa zipangizo za pa intaneti zokhala ndi pasiwedi ya ku fakitale yosavuta kulosera, ndipo wopanga ayenera kunena kuti adzapereka zokonza za chitetezo mpaka liti. Kuno timagula kamera yopanda ngakhale dzina la kampani pa katoni, wogulitsayo sadziwa kumene inachokera, ndipo pakatha chaka app yake yasowa pa Play Store. Agogo a ku Chimbiya amati mbava zimafuna maboma. Inde zimawafunadi, ndipo tonse tikukumbuka kuti mu February 2024 Purezidenti wa nthawi imeneyo, a Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti analowedwa ndi anthu ofuna dipo. Koma boma lili ndi akatswiri oti liitane. Mayi wa ku Lizulu aitana ndani?

NaBanda_Lizulu
Ndikuthokozeni nonse. Mwana wa achemwali anga wandithandiza kulowa mu rauta, ndipo pasiwedi ya m'kati inalidi admin. Pa mndandanda panali mafoni ambiri amene sindikuwadziwa, moti a Kachewere ndi aphunzitsi munalasa. Tasintha mapasiwedi onse awiri ndipo mafoniwo achoka. Kamera ndaiyesa monga ananenera a Sola: itayakanso inazungulira n'kuima italoza ku khomo, osati pa kauntala. Mmisiri ndamuimbira, akuti abwera akapeza mpata. Chimene chandidabwitsa n'chakuti usiku, TV ili yozima ndipo ana atagona, data inapitirirabe kuchoka, ndipo inasiya pamene ndinazula kabokosi ka TV pa soketi.

Zamawaya_Dedza
Mmisiriyo musamudikire kuti apeze mpata. Pakadali pano zulani waya wochokera ku DVR kupita ku rauta. Makamera azijambulabe n'kumasunga pa DVR, kungoti palibe amene angaone ali kutali, inu ngakhale iye. Muuzeninso kuti akhoza kuchotsa chipangizocho pa akaunti yake ali komweko, sizifuna ulendo.

NaJere_wa_Makompyuta
Za kabokosiko zandidetsa nkhawa kuposa za kamera. Kakhoza kukhala kakungokoka zokonza za ma app ake, koma palinso vuto lodziwika la timabokosi totchipa ta Android timene timabwera kale ndi pulogalamu yoipa kuchokera kumene tinapangidwa. Akatswiri analitcha BadBox. Mu December 2024 boma la Germany linadula kulumikizana kwa zipangizo zotere pafupifupi 30,000, mu June 2025 FBI inachenjeza anthu za mtundu wake wachiwiri, ndipo mu July 2025 Google inakasuma ku khoti ku New York ponena kuti zipangizo zogwidwa zinaposa 10 miliyoni. Kabokosi kotero kamatsegula mobisa masamba a malonda n'kumadina kuti eni pulogalamuyo azilandira ndalama, ndiponso kamabwereketsa intaneti yanu kwa anthu ena kuti zochita zawo zizioneka ngati zikuchokera kwa inu. Zizindikiro zimene FBI inatchula ndi monga kabokosi ka dzina losadziwika, kolonjeza matchanelo olipira mwaulere, kapena kokuuzani kuti muzimitse Play Protect, chitetezo cha Google chofufuza ma app oipa. Tsegulani Play Store pa kabokosiko, mupite pa Settings, muone ngati palembedwa kuti chipangizocho n'chovomerezeka ndi Play Protect. Choipa n'chakuti kukafufuta kuti kabwerere mmene kanachokera ku fakitale sikuthandiza, chifukwa matendawo anachokera ku fakitale komweko.

Vidiyo_Sho_Kampepuza
Achemwali, apa ndiye mwandiponda pa chilonda. Ine ana anga amadya chifukwa cha kabokosi kotero, ndipo Loweruka kukakhala mpira wa ku England holo imadzaza. Mukuti ndikataye? Timabokosi ta mayina odziwika mtengo wake sindingaukwanitse, ndiponso sitionetsa zimene anthu amalipirira pa khomo.

Kalaliki_wa_ku_Boma
Za matchanelo amene mumaonetsawo ndisalankhulepo, chifukwa ndi mlandu wina pawokha.

NaJere_wa_Makompyuta
Langizo loyenera ndi lakuti kachotsedwe, ndipo sindikubisirani. Koma ngati simungathe lero, chitani zimene mumachita ndi mbuzi yogula pa msika, imene simuilowetsa m'khola limodzi ndi zinzake musanaione bwino. Kabokosiko kakhale pa netiweki ya alendo, kapena pa MiFi (karauta kam'manja kolowa SIM) yakeyake, kutali ndi foni imene mumasungira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba. Musalowetsemo akaunti yanu ya Google, ya Facebook kapena imelo imene mumagwiritsa ntchito kwina. Mpira ukatha muzikazula pa soketi, osangokazimitsa ndi rimoti, chifukwa rimoti imazimitsa chithunzi chokha. Zimenezi sizikachiritsa, zimangochepetsa zimene kangawononge ndi data imene kangadye.

Zamawaya_Dedza
Ndiwonjezerepo kuti ma MiFi ang'onoang'ono ambiri alibe netiweki ya alendo yolekanitsa zenizeni, choncho kwa a Vidiyo Sho njira yodalirika ndi SIM ndi MiFi yapadera, yokhala ndi bandulo yongokwanira masewero a tsikulo.

Kabaza_Mlangeni
Pepani ndalowa mochedwa. Ine ndili ndi njinga zamoto zimene anyamata amayendetsa pakati pa Mlangeni, Lizulu ndi Biriwiri, ndipo ndinaikamo ma GPS tracker olowa SIM, aja amene umatha kuzimitsa injini potumiza SMS. Kodi nawonso akukhudzidwa ndi zimene mukukambazi? Amene anandiikira anandiuza kuti pasiwedi ndi 123456 ndipo anati ndisaisinthe kuopa kusokoneza.

NaJere_wa_Makompyuta
Akukhudzidwa kwambiri, achimwene. Mu 2019 kampani ya Avast inapeza ma tracker pafupifupi 600,000 amene ankagwira ntchito ndi pasiwedi yomweyo ya 123456, ndipo mu 2022 akatswiri a BitSight anaonetsa kuti mtundu wina, MiCODUS MV720, unkalola munthu wakunja kuona pamene galimoto ili ngakhale kudula mafuta ili pa msewu. Pa ma tracker ambiri otchipa, amene akudziwa nambala ya SIM ya m'kati ndi pasiwediyo akhoza kutumiza malamulo ngati mwini wake: kufunsa pamene njinga yagona, kuzimitsa injini mnyamata ali pa liwiro pa M1 atanyamula munthu, kapena kulembetsa nambala yake m'malo mwa yanu kuti mauthenga asamabwerenso kwa inu. Pezani kabuku ka tracker yanu kapena mufufuze pa intaneti ndi nambala ya mtundu wake, mupeza SMS yosinthira pasiwedi ndi yolembetsera nambala yanu ngati yolamulira. Pasiwedi ya pa app ndi ya pa SMS zimakhala zosiyana pa mitundu yambiri, ndiye musinthe zonse ziwiri, njinga iliyonse ikhale ndi yakeyake. Nambala za SIM zimenezo musazipereke kwa oyendetsa, ndipo mayunitsi muziikamo nokha. Poyesa lamulo lozimitsa injini, njinga ikhale itaima pa bwalo.